Magazi a Boaz

Pa benchi ya kunja kwa wodi ya amayi, Boaz ankayang'ana mlamu wake Wilbroad akuwerenga pepala la dokotala ngati analemba ndi iye.

Dainess, mkazi wa Boaz, anali atagona m'chipatalamo sabata yachitatu, maso achikasu, mimba yotupa. Dokotala anati chiwindi chawonongeka, koma chochiwononga sanachidziwe. Mwina kachilombo ka hepataitisi C koyenda m'magazi. Mwina thupi langoukira chiwindi chake chomwe. Mwinanso kachilomboko ndiko kanaputa thupilo. Zoyezera zinali ku Lusaka.

"Koyenda m'magazi," anatero Wilbroad. "Mlongo wanga anaikidwa magazi kamodzi kokha, pobala Tryness. Anali a yani, alamu?"

"Anga. Inu munali ku Mwami kugulitsa mtedza. Tinatuma uthenga kawiri."

"Sindikukana. Koma kayezetseni. Kakapezeka mwa inu, ndimutenga abwerere kwathu ku Madzimoyo."

"Madokotala atatu agoma, inu mwadziwa kale. Ndidziwakale anamanga nyumba yopanda khomo."

Boaz analowa m'wodi. Zaka khumi ndi zitatu anthu ankamutama kuti anapulumutsa mkazi. Lero magazi omwewo asanduka mlandu, ndipo woweruza wake ndi munthu amene sanapereke ngakhale dontho.

"Ndamva zonse, atate a Tryness," anatero Dainess chapansipansi. "Kawauzeni achimwene kuti dokotala wati thupi langa ladziukira lokha."

"Sanatero."

"Zinazonso sanatsimikize. Ine sindikukagona pamphasa ya mkazi wa achimwene. Ndipo mukangoti mukukayezetsa magazi, kutchalitchi adzati ndi matenda aja."

"Nanga ngati ndine?"

"Ngati ndinu, munandipatsa zaka khumi ndi zitatu. Pitani."

Boaz anatuluka nanena bodzalo osaphethira. Wilbroad anapinda pepala, nati kumtundu kwawo kulibe matupi opusa chotero, koma anakwera njinga yake yekha.

Dainess anabwerera kunyumba kwa mwamuna wake. Boaz sanayezetse. Loweruka lina Tryness, amene tsopano anali kamtsikana, anapempha lezala lometera ndevu la bambo ake kuti awengere zikhadabo, monga ankachitira nthawi zonse.

"Linatayika," anatero Boaz.

Mwanayo atapita, analitulutsa m'thumba la jekete, nakaliponya m'chimbudzi.