Madzi a m'Bafa la Bambo

Nditabwerera kwathu ku Cringila, kumene ndinakulira, patapita zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, chimene chinandizindikira ndi bafa lokha. Chumuni yaitali ya kudoko, imene tinkaionera patali pochokera kunyanja, anali ataigwetsa. Sitolo ya buledi inali itasanduka malo osambitsirako agalu. Anthu a mumsewu mwathu ankandipatsa moni wopatsa mlendo wofunsa njira. Koma nditakankha chitseko cha kubafa, matailosi obiriwira aja anali pomwepo, pansi ndi m'makoma, mtundu wa madzi a m'nyanja pamene pali posaya.

Anawaika ndi bambo anga, a Metodi, m'chaka cha 1968. Mkati mwa sabata ankagwira ntchito kufakitale ya zitsulo, Loweruka n'kumaika matailosi m'nyumba za anzawo ochokera ku Macedonia. Ku Glasgow, kumene ndakalambira ndikukonza zolakwika m'mabuku a anthu ena, ndawerenga za nyumba zambiri zaubwana, zolembedwa ndi anthu amene ankazilira bwino kuposa ine. Palibe imene inandilowa m'tulo. Bafa lathu ndilo linkabwera. Ndinkalota nthunzi ikukwera, dzuwa la m'mawa likulowa pa galasi lokhakhala la pawindo, makoma akuyenda pang'onopang'ono ngati nyumba yonse yamira ndipo ife tikupuma bwinobwino pansi pa madzi.

Chondibweretsa sichinali maloto. Amayi anagwa m'bafamo n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anali atagona m'chipatala masabata asanu ndi limodzi, ndipo achipatala ananena mosabisa: adzawatulutsa Lachisanu ngati bafa lakonzedwa, matailosi osaterera pansi, zitsulo zogwirira m'makoma. Apo ayi, apita kaye kunyumba yosungirako okalamba.

"Akuti masabata awiri okha," anatero amayi nditakawaona. "A Velika a kuseri kuja anapitanso masabata awiri. Tinakawatenga m'bokosi."

Mchimwene wanga Zoran, amene sanachokepo pa Cringila, ankafuna kuswa zonse.

"Tigumule, tiyambe zatsopano. Ndi bafa ili, Lenche, si tchalitchi."

"Achimwene, matailosi amatha kuikidwa pamwamba pa anzawo. Ndawerenga."

"Wawerenga. Iwe ukanakhala kuti unkawerenga makalata a magetsi a nyumba ino, bwenzi tili patali."

"Ndi manja a bambo awa."

"Manja a bambo ndinawagwira ine m'chipatala, iwe uli pa foni. Usandiphunzitse za manja."

Ndinapambana ndine, koma osati chifukwa cha mawu anga. Lolemba m'mawa kunabwera a Kosta, mmisiri wa matailosi wa imvi, amene anaphunzira ntchito ponyamulira bambo ndowa za simenti. Anagogoda khoma ndi chibakera n'kupukusa mutu.

"Kuseri kwa matailosiwa kuli mabolodi akale a asibesitosi. Ukawaswa, fumbi lake limakhala m'mapapo mpaka kumanda. Makoma sitikhudza. Tiika pamwamba." Anandiyang'ana. "Ndiwe Lenche? Wasintha. Ukulankhula ngati wailesi."

Anatulutsa sikuludiraiva, n'kuigwira mozondotsa, n'kuyamba kugogoda tailosi iliyonse ndi chogwirira chake. Anati imene yamata bwino imayankha mwachidule, imene yasiyana ndi khoma imalira ngati ng'oma, ndipo yotero uyenera kuichotsa kaye. Ndinakhala pakhomo ndikumvetsera. Ko, ko, ko, mzere ndi mzere, kuchokera padenga kutsika. Zinali ngati munthu akuyenda m'mudzi wa akufa akugogoda khomo lililonse, ndipo m'nyumba iliyonse wina akuyankha kuti alimo.

"Palibe ndi imodzi yomwe," anatero a Kosta. "Zaka makumi asanu ndi kuposa. Akuluwo ankamata ngati akukwiyira khoma."

Ndinayang'ana Zoran. Iye anayang'ana kudenga.

Tsiku limenelo ndi lotsatira ndinawathera pakhomo lomwelo. A Kosta anatsuka makoma ndi mankhwala ochotsa mafuta a sopo, anawapala kuti asiye kunyezimira, anapaka mankhwala ena otuwa ogwiritsa guluu. Kenako matailosi oyera anayamba kukwera. Ndinkaona kubiriwira kuja kukuchepa, kukutsala pakona, kukutsala kachigamba pamwamba pa windo, mpaka kutha. Sizinandipweteke. Ndinkadziuza kuti nyanja ija ikadalipo, yangofunda nsalu. Tsiku lina, ine ndi Zoran titapita, munthu wina adzaboola khoma kuti apachike galasi, ndipo pabowopo padzatuluka kafumbi kobiriwira, iye osadziwa kuti wakhudza chiyani.

Lachitatu m'mawa inafika nthawi ya pansi. Ndinkayembekezera kugogoda kuja, koma a Kosta anadzaza ndowa ndi madzi.

"Dzuka pamenepo, unyowa."

"Madzi a chiyani?"

"Ndikufuna ndione kumene amakonda kupita."

Anawakhuthula pakati pa bafa. Chibowo chotulukira madzi chinali kumanzere, pafupi ndi windo. Madziwo anaima kaye ngati akuganiza. Ena pang'ono analowera kuchibowo. Ambiri anatembenuka, anayenda mwaulemu pamwamba pa matailosi a bambo, n'kudzasonkhana pakona ya chitseko, pamene munthu amaponda akamatuluka. Anakhala pamenepo, dziwe laling'ono loonetsa denga.

A Kosta anagoneka pansi levulo, kachitsulo koyezera ngati malo apendekeka, anaitembenuza, anaigonekanso.

"Pansi apa papendekera kuchitseko."

"Nyumba yatitimira," ndinatero. "Nyumba zakale zimatero."

"Ikanatitimira, matailosi akanang'aluka. Ona, alibe mng'alu. Anaikidwa chonchi."

"Bambo sakanalakwitsa zimenezo."

"Mwana wanga, ine ndinkawaopa bambo ako kuposa iwe. Koma madzi sadziwa kuti a Metodi ndi ndani." Anapukuta manja pa buluku. "Tailosi yatsopano ilibe maganizo akeake. Imatsata imene ili pansi pake. Ndikaika pamwamba apa, dziwe ili libwerera malo omwewa, kungoti pa matailosi okwera mtengo."

Ndinafunsa ngati sangathire simenti pamwamba kuti awongole. Anati angathe, koma pansi pakwera zala zitatu, pakhomo pakhala sitepe, ndipo mayi woyenda ndi chitsulo choyendera sangaikwere. Njira inali imodzi: kuswa pansi ponse mpaka pa konkire, kupendeketsa bwino, kupaka zotchinga madzi, kudikira kuti ziume. Masiku khumi, mvula ikapanda kubwera.

"Nanga Lachisanu?"

"Lachisanu ndingakupatse bafa lokongola lomwe adzagweremonso. Sankha iwe. Mchimwene wako wati zonse ndifunse wowerenga mabuku."

Masana ndinakwera basi kupita kuchipatala. Ndinapeza amayi atakhala pampando pafupi ndi windo, akuyang'ana utsi wa kufakitale ukupita kunyanja. Ndinawauza za ndowa ija mosamala, ngati ndikuwauza za maliro.

"Pakona ya chitseko," anatero, osatembenuka. "Kosta wachita kuthira madzi kuti adziwe? Akanangondifunsa."

"Mumadziwa?"

"Ndapukuta pamenepo kuyambira usanabadwe. Ukuganiza kuti chithaulo chakale chija chinkakhala kuseri kwa chitseko chifukwa chokongola?"

"Koma bambo..."

"Bambo ako analibe levulo tsiku limenelo. Anali ataibwereka a kum." A kum anali mboni ya ukwati wawo, amene anatipatsa mayina ine ndi Zoran pa ubatizo. Kwathu munthu ameneyo samanidwa kanthu, ndipo chimene watenga sufunsa kuti chibwera liti. "Anaisunga miyezi inayi. Simenti inali itagulidwa kale, ine ndili ndi pakati pa Zoran, tikusambira m'beseni. Ndinati pitani mukaitenge. Anati, ndikagogode kwa a kum chifukwa cha kachitsulo? Anthu amva bwanji? Ndiye anatenga botolo la rakija, mowa wawo uja, lotsala theka, n'kuligoneka pansi, n'kumayang'ana mmene mowa wakhalira."

"Botolo."

"Botolo silinali loongoka. Kapena diso. Theka linalo anali atalimwa iwo omwe."

Ndinaseka, kenako ndinasiya.

"Simunawauze?"

"Kuwauza kuti atani? Munthu ankabweretsa alendo kudzaona bafa asanawapatse ndi khofi yemwe. Ndinkalowa akangotuluka, n'kupukuta. Iwe unkasamba ola lathunthu ukuimba, n'kutuluka ngati mwana wa mfumu. Sunaone kuti ndikubwera pambuyo pako?" Anasisita bondo. "Chaka chino msana unakana kuwerama. Ndinati ndipukuta ndikavala. Basi."

Kwa zaka zonse zija ndinkalota chipinda chouma bwino, chowala, ndipo m'malotomo munalibe munthu wogwada.

"Ndiye Lachisanu sizitheka," anatero amayi. Mawu awo anachepa. "Andipititsa kuja."

Ndinakafuna mayi woyendera nyumba za odwala, amene ankayenera kuvomereza bafa. Anali wamng'ono kwa ine, wotopa, wa nsapato zothamangira. Ndinamufotokozera zonse, kupatula botolo. Anafunsa ngati m'nyumbamo muli malo ena a madzi opanda masitepe. Ndinati kugalaja. Monga nyumba zonse za anthu akwathu, yathu ili ndi khitchini yachiwiri kumeneko, kumene amayi amaotchera tsabola, kuti ya m'nyumba isade. Muli sinki, madzi otentha, pansi pa simenti, ndi chimbudzi chakumbali.

"Zingatheke kwa masiku ochepa," anatero. "Mpando wosambirapo tikubwerekani. Koma payenera kukhala munthu wowasambitsa ndi kugona nawo m'nyumba tsiku lililonse. Osati wongodzazonda. Alipo?"

Zoran amagwira ntchito mosinthana usana ndi usiku, ndipo amayi akanalola kufa ndi litsiro kusiyana n'kuti mwana wamwamuna awavule. Ndege yanga inali ya Lamlungu. Pa tebulo langa ku Glasgow panali buku la masamba mazana asanu la munthu wina wolira mudzi wa kwawo.

"Alipo," ndinatero.

"Dzina?"

Ndinatchula langa. Linamveka lachilendo m'kamwa mwanga, mmene amalitchulira kuno.

Zoran ndinamuuza pa foni.

"Iwe? Umadziwa kusambitsa munthu?"

"Ndiphunzira."

"Usakawerenge kaye buku lake, chonde. Madzi angazizire." Kenako anati, "Ndibweretsa bedi la m'chipinda mwanga. Lija la kugalaja lili ndi nsikidzi za nthawi ya bambo."

Lachisanu m'mawa tinawatenga amayi. Zoran anawatsitsa m'galimoto, iwo akumukalipira kuti akuwagwira ngati thumba la anyezi. Atapita kuntchito, ndinatseka chitseko cha galaja, ndinatenthetsa madzi, ndinawakhazika pampando wa pulasitiki pakati pa mabotolo a tsabola ndi njinga yakale. Kuwala kunkalowa m'mizere yopyapyala pansi pa chitseko. Nthunzi inakwera kuchokera m'beseni n'kuyamba kuzungulira mababu.

Kuchokera m'nyumba kunamveka nyundo ya a Kosta. Kugunda koyamba kunali kouma. Kwachiwiri china chake chinasweka, ndipo zidutswa zinalira pa konkire. Ndinaima, kansalu kali m'manja.

"Akuswa," ndinatero.

"Aswe. Wandisiya ndi sopo kumsana."

Msana wawo unali waung'ono kuposa mmene ndinkaganizira, wa timadontho tofiirira, fupa lililonse loonekera. Ndinathira madzi pang'onopang'ono kuchokera paphewa. Anatsetsereka, anagwa pa simenti, anayenda molunjika kupita kumsewu.

"Mwamphamvu pang'ono, Lenche. Sindine dzira."

Ndinakhula mwamphamvu. Anatseka maso.

"Kumanzere. Pansi pake. Eya, pamenepo." Anapuma mozama. "Mawa uyambe ndi tsitsi. Ndipo ugule sopo wina, uyu akununkha chipatala."