Buleki ya a Pyo

Pikiapu ya a Pyo Man-sik inali ndi matenda osankha malo. M'timisewu ta kumudzi inkayenda mwaulemu ngati ilibe mlandu. Koma ikalowa mumsewu waukulu wopita ku Wonju n'kutenga liwiro, a Pyo akangoponda buleki, chopondera chinkawabwezera phazi, gwedegwede, mpaka bondo kumva.

Analakwitsa kuuza mwana wawo wamkazi, Hye-ran. Iye anatenga makiyi n'kukazungulira nayo kumsika, akuponda buleki pangodya iliyonse.

"Ababa, galimotoyi ilibe vuto."

"Sunaithamangitse iwe."

"Chonjenjemera si buleki, ndi mwendo wanu. Tsiku lokumbukira malemu amayi lija, mowa wothirira makolo theka lake munamwetsa tebulo. Ndinaona."

A Pyo anati kapuyo inali yoterera. Hye-ran sanaseke. Anagwirizana chimodzi: galimoto ipite kwa makaniko, ndipo akapanda kupeza kanthu, a Pyo akabweza laisensi ku ofesi ya boma monga amachitira okalamba anzawo. Tanthauzo lake onse ankalidziwa. Khola la a Pyo linali pamwamba pa phiri pomwe basi sifika. Popanda pikiapu, ng'ombe zikanagulitsidwa, iwo n'kukakhala m'nyumba yosanja ya mwana wawo, kumayang'ana madenga a anthu pazenera.

Makaniko wake anali Seok Tae-bong, wadazi, wocheperako msinkhu, amene anawakonzera magalimoto a Pyo kuyambira kale ndipo ankaona kuti zimenezo zimamupatsa ufulu wowanyoza.

"Achimwene, galimoto ikudwala kapena mwini wake?"

"Galu wamkota sakandira pachabe, iwe."

"Chabwino. Kutsutsa galu n'kukumba. Koma yambani mwandiuza, imanjenjemera nthawi zonse mukathamanga, kapena pokhapokha mwaponda?"

"Pokhapokha ndaponda."

"Ndiye si matayala. Chiwongolero chimagwedera? Kapena mumazimva kumatako?"

"Matako anga akukhudza chiyani?"

"Akamagwedera matako, vuto lili kumbuyo. Chikamagwedera chiwongolero, lili kutsogolo. Kwerani uko, ndiyendetsa ndine."

A Pyo anakhala mpando wa mlendo m'galimoto yawoyawo, manja ali pamaondo. Sipanakhalepo munthu wopempherera galimoto yake kuti ichite zamanyazi ngati mmene anapempherera iwo m'mawa umenewo. Ankaopa kuti pamaso pa makaniko ikhala phee, monga mwana amene malungo amamuthawa akangoona chipatala.

M'tauni sinachite kanthu. Atalowa mumsewu waukulu, Tae-bong anaponda moto mpaka mitengo ya m'mbali inayamba kuthamanga, kenako anakhudza buleki pang'ono. Chiwongolero chinayamba kuvina m'manja mwake. Anasiya, chinaleka. Anapondanso, chinayambiranso, ndipo timakobiri ta m'kabokosi ka pakati tinalira.

"Ehe," anatero Tae-bong. "Ilipo. Kutsogolo."

A Pyo anayang'ana kunja kuti chimwemwe chisaoneke pankhope. Munthu wamkulu sasekerera poti galimoto yake yawonongeka.

Kugalaja, Tae-bong anainyamula pa jeke n'kuchotsa matayala akutsogolo. Madisiki, mbale zachitsulo zija zimene mabuleki amaluma, anali ndi mawanga abuluu ngati poto wopserera. Anagunditsa kachipangizo kokhala ndi muvi pa disiki n'kuizungulitsa ndi dzanja. Muviwo unkapita uku n'kubwerera uku.

"Mwaona? Pena yakhuthala, pena yapyapyala. Mukamayenda pang'onopang'ono simungamve. Pa liwiro, zitundazi zimadutsa motsatizana, ndiye zimakumenyani kuphazi. Phiri lanu lija mumatsika bwanji?"

"Monga ndimatsikira."

"Phazi lili pa buleki kuyambira kukhola mpaka pansi, mutasenza thole kumbuyo. Giya yaing'ono munaisungira ukwati wa ndani? Ndiye mukafika m'munsi?"

A Pyo yankho analiona likubwera, koma anafotokozabe. Chiyambire mphekesera za matenda a ng'ombe a m'kamwa ndi m'mapazi, patsinde pa phiri anaikapo malo opopera mankhwala. Galimoto iliyonse yochokera kumakola inkaima pamzere, kenako n'kulowa m'chithaphwi cha mankhwala ozizira, mipope ikuwaza matayala mbali zonse. A Pyo ankanyadira kuti sanazembepo ngakhale kamodzi. Ankauzanso wopoperayo kuti awonjezere kumatayala akutsogolo, poti ndiwo amayamba kuponda ndowe.

"Basi," anatero Tae-bong atamva. "Mumafika chitsulo chili psuu, n'kuima pamzere mutachikanikiza, kenako n'kuchisambitsa madzi ozizira. Mwateteza ng'ombe za dziko lonse, mwapha madisiki anu. Kuyambira lero muzitsika ndi giya, ndipo musanafike pamzere muziima pambali zizizire."

Anawapangira khofi wotsekemera m'kapu yapepala kuti azimwa podikira. Anathira theka lokha, osanena chifukwa. A Pyo anaona, nawonso sanafunse. Anaigwira ndi manja awiri.

Dzuwa likupendeka, madisiki atsopano ndi mapadi owaluma anali atalowa. A Pyo anapempha Tae-bong kuti aimbire Hye-ran yekha, poti mawu a bambo ake sakanawakhulupirira. Tae-bong anaimba iwo ali pomwepo.

"Mwana wa achimwene, madisiki anali opindika zedi. Ndawasunga, udzawaone ndi maso ako." Anamvetsera kanthawi. "Ine ndimadziwa za galimoto basi, mayi. Galimoto inali ndi vuto, ndakonza."

A Pyo ananyamuka okha kukaiyesa. Mumsewu waukulu anaithamangitsa kuposa masiku onse, n'kuponda. Galimoto inabweza liwiro mosalala, chiwongolero chili zii, timakobiri tili chete. Anayesa kachiwiri, kachitatu. Anali atawina, ndipo anayamba kuwerengera zogula chakudya cha ng'ombe cha m'nyengo yachisanu.

Anakhotera pamalo opumira apaulendo kuti agule mbatata yowotcha. Anaimika galimoto pakati pa malole awiri, kukoka buleki ya pamanja, kuzimitsa injini. Ali pafupi kutsegula chitseko anamva kaphokoso pansi, ta ta ta ta, ndipo mtima unawapsa poganiza kuti Tae-bong wasiya nati yosamanga. Anawerama kuti aone.

Chinali chidendene cha nsapato yawo yakumanja, chikugogoda pansi. Injini inali yozima, galimoto itaima, phazi lisali pa chopondera chilichonse. Analiuza kuti lileke, linaleka pang'ono, n'kuyambiranso. Anakanikiza bondo ndi dzanja, ndipo dzanjalo linalowa nawo gule.

Anakhala choncho nthawi yaitali. Poyamba anachita mantha, kenako manyazi, chifukwa sikanali koyamba kulimva phazilo. Miyezi yonseyi buleki yowonongeka ija inkawabisira, ndipo iwo anailipirira okha kuti ichotsedwe. Pangano linali kumbali yawo. Makaniko anapeza vuto, laisensi inali yawo, palibe akanawafunsanso. Anaganiza za phiri lija, thole lili kumbuyo, ndi munthu wopopera mankhwala uja amene amaima kutsogolo kwa galimoto atagwira paipi, osayang'ana n'komwe, pokhulupirira kuti a Pyo aima.

Foni inalira. Anali Hye-ran.

"Ababa, ndamva. Pepani, ndinakulakwirani. Ikuyenda bwino tsopano?"

"Ikuyenda bwino kwambiri."

"Ndiye mufike bwino kunyumba. Muzitsika ndi giya, akutero a Seok."

"Hye-ran."

"Ababa?"

"Ndili pamalo opumira aja, musanafike pamlatho. Ubwere ndi amuna ako. Mmodzi adzayendetse pikiapuyi."

Hye-ran anafunsa ngati adya kanthu, iwo anati ayi, akagula mbatata. Anazula makiyi n'kuwaika pampando wa mlendo, ndipo anatsika kukadikira panja.