Msomali wa a Rabson

Thumba lomaliza la mtedza litakwera, a Rabson anazungulira pikapu yawo akumenya tayala lililonse ndi chidendene. Loyamba, du. Lachiwiri, du. Anagwedeza mutu ngati dokotala amene wakhutira ndi wodwala wake.

"Zili bwino. Kwera, mayi wa m'tauni."

Ulemu anakwera. Anali mwana wawo wachiwiri. Anakulira ku Lilongwe kwa azakhali ake, ndipo ntchito yake yotsatsa mbewu ya chimanga inkamuyendetsa maboma onse a chigawo chapakati. Kumudzi sankakhalitsa. Masiku awiri okha, mapazi ayamba kuyabwa. Ulendo uno anabwera ndi ntchito imene sanaifune.

Kondwani, mchimwene wake wamkulu, anali atamuimbira foni Lolemba.

"Matayala awiri aphulika m'miyezi iwiri. Lachiwirili lawagwetsera m'ngalande pa Mpingu. Adadi sakuonanso, akungogunda maenje. Pita ukatenge makiyi asanaphe munthu."

"Bwanji osapita inuyo, achimwene?"

"Iwe amakumvera."

Linali bodza. A Rabson sankamvera mwana aliyense. Zaka makumi atatu anayendetsa malole a fodya, ndipo atapuma anagula pikapu yakaleyo. Inali miyendo yawo. Inkanyamula mtedza, odwala, kwaya ya kutchalitchi, nthawi zina maliro. Kuwalanda makiyi kunali kuwakhazika pakhonde kuti azingowerenga nkhuku. Ulemu anauza mchimwene wake kuti ayenda nawo kaye tsiku limodzi, aone ndi maso ake.

Tsiku lake linali limeneli, Lachisanu. Anachoka ku Nsaru dzuwa litakwera kale, kulowera ku Namitete kumene wogula mtedza ankawadikira. Unali mwezi wa Okutobala. Fumbi linkalowa ngakhale mawindo atatseka.

"Ndiye wabwera kudzandiyesa mayeso, eti?" a Rabson anafunsa, maso ali pamsewu.

"Ndabwera kudzacheza, adadi."

"Kucheza kwako n'kwa maola awiri. Lero ndi tsiku lachitatu. Amayi ako sasunga chinsinsi."

Ulemu anayang'ana kunja. Minda inali mbee, mizere itaumbidwa kale kudikira mvula.

"Ukuiona mbuzi iyo?"

"Iti?"

"Pa mtengo wa mango wachiwiri paja. Yamawanga. Idumpha msewu."

Anachepetsa liwiro. Patapita kanthawi mbuzi yamawanga inadutsadi, kamwana kali pambuyo. Ulemu anaiona itafika kale pakati pa msewu.

"Zimenezo ukalembe mu lipoti lako," anatero a Rabson.

Maenje ankawazemba bwinobwino. Njinga ankaziimbira hutala zikadali patali. Pamlatho wopapatiza anaima, nadikira ngolo kuti idutse. Ulemu anakwerapo magalimoto a madalaivala ambiri. Ochepa okha ndi amene ankamukhazika mtima pansi chonchi. Nanga matayala aja ankaphulika bwanji?

Atafika pa phula la msewu wa ku Mchinji, dzuwa linali paliwombo. A Rabson anapatukira pamthunzi nazimitsa injini. Anasolola makiyi. Pamkoko wa makiyiwo panali mendulo ya Maria ndi msomali waung'ono wopindidwa kumutu, wosalala chifukwa chogwiragwira.

"Mukukataya madzi?" Ulemu anafunsa.

"Ndikukapumitsa matayala."

Ulemu anatsika nawo. A Rabson anagwada pa tayala lakutsogolo, nagwira mphira ndi chikhatho.

"Wamva kutentha uku? Phulali lero ndi chiwaya. Mpweya ukatentha umafufuma. Ukapanda kuupungula, tayala limaphulika."

Anatsegula kachivindikiro ka valavu, nabaya ndi msomali uja. Mpweya unayamba kutuluka, fwiii. Milomo yawo inkayenda. Ulemu anamvetsera. Anali kunena Tikuoneni Maria. Atafika pa ameni anachotsa msomali.

"Ndiwo muyeso wake," anatero. "Lakutsogolo, pemphero limodzi. Lakumbuyo, awiri, chifukwa ndi lomwe lasenza katundu."

"Mumatero ulendo uliwonse?"

"Kukatentha. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa."

"Nanga mpweya umene mwatulutsawo mumaubwezera liti?"

"Tayala likaoneka kuti laphwa. Maso ndili nawo, si wawaona?"

Ulemu anayang'ana tayala lakumbuyo. Silinkaoneka lophwa. Linangotupa pang'ono m'munsi, ngati tsaya la munthu amene wavumata madzi. Analigwira m'mbali. Anachotsa dzanja msanga.

Kuntchito kwa Ulemu galimoto sinkatuluka pageti asanaiyeze matayala ndi geji. Iye ankaona ngati n'kutaya nthawi chabe. Tsopano anakumbukira mawu a makaniko wawo: tayala lotentha usalipungule.

"Adadi, lakumbuyoli lisiyeni."

"Ukundiphunzitsa galimoto?"

"Ayi. Ndikupempha. Tiyende pang'onopang'ono, tikaime kwa a Masudi."

Nkhope ya a Rabson inasintha. A Masudi anali wokonza matayala pa Namitete, mnzawo wa zaka zambiri.

"Kwa munthu ameneyo sindipondako. Anandigulitsa tayala lovunda. Ndi lija linayamba kuphulika."

"Lachiwiri munagula kuti?"

"Ku Lilongwe."

"Nalonso linali lovunda?"

A Rabson anabwezera kachivindikiro, napukuta manja pathalauza.

"Achimwene anandituma makiyi," Ulemu anatero motsitsa mawu. "Mukudziwa kale. Ine sindikufuna kuwatenga. Koma mawa mukunyamula azimayi a kwaya kupita ku ukwati ku Nambuma, amayi ali momwemo. Ndikabwerera osadziwa chimene chikuphulitsa matayala, ndiwatenga."

Anakwera onse. Mpaka ku Namitete singano ya liwiro sinadutse pa 40.

Malo a a Masudi anali shedi ya malata pafupi ndi siteji ya maminibasi. Kompuresa yopopera matayala pakona, mulu wa matayala akale, theka la mgolo lodzaza madzi akuda. Anawapeza akungofika kuchokera kumzikiti, akupachika mkanjo woyera pamsomali.

"Aa! Akatekisiti!" anafuula. "Ndimayesa munasamukira ku Zambia."

"Sindinabwere ine, Shehe. Wabwera ndi mwanayu. Ine ndangomuyendetsa."

"Ulemu uyu? Amene ankalira akamva kompuresa? Wakula, mwanangu. Abambo akowa akadali ouma mutu?"

"Tiyezereni matayala, a Masudi. Onse."

A Masudi anatenga geji, kachitsulo kotalika ngati cholembera. Anayamba kutsogolo. Anayang'ana, nakweza nsidze. Anapita kumbuyo kumanzere. Anayeza kawiri.

"22," anatero. "Litatentha chonchi. Likazizira litsikanso. Ndi matumba onsewa pamwamba?"

"Limayenera kukhala pa zingati?" Ulemu anafunsa.

"Osafunsa ine. Funsa galimoto."

Anatsegula chitseko cha dalaivala, nanyowetsa chala, napukuta fumbi pamphuthu. Panaoneka kapepala komatidwa, kotuwa, kokhala ndi manambala ang'onoang'ono. Ulemu anawerama, natsinzinira diso limodzi. A Rabson, ali chiimire kumbuyo kwake, anawerenga mokweza.

"Kutsogolo 35. Kumbuyo 44, likasenza katundu."

"Maso alipo," anatero a Masudi. "Kungoti zaka zisanu ndi zitatu mwakhala mukulowera pakhomo limeneli osapereka moni."

Kenaka anakanda mutu.

"Koma galimoto iyi inandizunguza ine. Chaka chilichonse kukatentha, matayala ake amatha mpweya. M'mawa abambo akowa akamadutsa ndinkangowapopera tikucheza. Mavalavu ndinasintha. Matayala ndinawaviika mumgolo umu kufuna pobooka. Thovu ngakhale limodzi, ayi. Ndinafika poganiza kuti pali wina akuwachita chipongwe kumudzi."

"Adadi, awonetseni msomali."

A Rabson anazengereza. Kenaka anatulutsa makiyi. Ulemu anafotokoza zonse: mthunzi, phula, pemphero limodzi kutsogolo, awiri kumbuyo.

A Masudi anakhala pansi pa tayala la thirakitala. Anaseka mpaka misozi.

"Ndiye ine ndikupopa m'mawa, inu mukupungula masana! Zaka zonsezi! Tinali pa ntchito imodzi osadziwana!"

"Seka bwino. Anandiphunzitsa a Fatsani, amene anandigwiritsa chiwongolero cha lole. Anafa ndi ukalamba, osati ngozi."

"Ndipo malole aja ankagona kuti?"

"Kudepoti."

"M'mawa amakaniko ankatani musananyamuke?"



"Ankapopa," a Masudi anadziyankha okha. "Kudepoti anali amakaniko. Kuno ndinali ine. Tsiku limene ndinatseka shedi kupita ku Mangochi kukadwazika mkulu wanga, mwezi wathunthu, munapitiriza kupungula popanda wobwezera. Tayala phu! Mlandu wa Masudi. Mwandinyanyala. Lachiwiri phu!"

Anatola waya pansi. Anaupinda uku, kuupindanso uku, mofulumira, kakhumi kapena kupitirira. Kenaka anauika pachikhatho cha a Rabson. A Rabson anautaya.

"Wotcha, eti? Sindinauike pamoto. Tayala lofewa limatero. Likamazungulira limapindika m'mbali, kuwongoka, kupindika, kuwongoka. Mawaya a m'kati amapsa. Lolimba bwino silipindika chotero. Mpweya ukakwera pang'ono masana, musiyeni, opanga anaziwerengera kale. Yezani m'mawa galimoto isanayende, ndi geji, osati ndi nsapato. Chidendene chanu chimadziwa 22 ndi 44?"

Sanadikire yankho. Anaika jeke, namasula tayala lakumbuyo lija, nalichotsa pa limu, chitsulo chake chapakati. Analowetsa dzanja m'kati. Linatuluka lodzaza ufa wakuda. M'mbali mwa tayalalo, chakum'kati, munali mzere wozungulira wonse, wonyekeka ngati nsalu yopsa ndi ayironi.

"Ili silikanafika ku Nambuma," anatero. Ulendo uno sanaseke.

A Rabson anatenga ufawo pang'ono, naufikisa ndi zala. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Azimayi khumi ndi anayi," ananena chapansipansi.

A Masudi anamanga sipeya, napopa onse anayi. Anati m'mawa awayezenso atazizira. Geji ija anaiika m'thumba la malaya a a Rabson.

"Ndili nayo ina. Iyi ikabwerera, ibwere ndi mwini wake. Tiyi ndimamwa ndekha masiku ano."

"Tiyi wako ndi wopanda shuga," a Rabson anatero. Anakwera galimoto. Asanatseke chitseko anayang'ananso kapepala kaja.

Mtedza anautsitsa. Kunyumba anafika dzuwa likupendeka. A Rabson anapachika makiyi kuseri kwa chitseko monga mwa masiku onse, nakhala pakhonde. Amayi a Ulemu anamuyang'ana mwana wawo ndi diso lofunsa. Iye anangopukusa mutu. Anali asanadziwe. Maso a bambo ake anali bwino, inde. Koma munthu amene wachita chinthu pafupifupi zaka makumi anayi amachisiya tsiku limodzi? Phula likadzatentha, iye ali ku Dedza kapena ku Ntchisi, adzawaletsa ndani?

Loweruka Ulemu anadzuka m'mamawa, chikwama atamanga kale. Makiyi anali pamalo pake. Anawachotsa. Anali opepuka kuposa mmene ankaganizira. Anawafumbata natuluka.

Panja kunali kachisisira. A Rabson anali atagwada pa tayala lakumbuyo, atayala thumba kuti asade thalauza la ku ukwati. Geji ili m'manja. Pambali pawo panali pampu ya phazi ya mphunzitsi woyandikana nawo.

"41," anatero osatembenuka. "Usiku wadya atatu. Shehe uja ananena zoona, koma usakamuuze."

Anaponda pampu. Anayeza. Anapondanso.

"44. Bwera uone, mwina maso anga akunama."

Ulemu anawerama. Inali 44. Pamphuthu ya chitseko, pansi pa kapepala kaja, anaona kuti manambala awiri aja alembedwanso ndi penti yoyera, akuluakulu.

A Rabson anaona chimene chinali m'dzanja lake. Anaimirira pang'onopang'ono, nasasa mawondo. Sanapemphe. Kumsewu kunkamveka azimayi a kwaya akubwera, akuyeserera nyimbo.

Ulemu anatsegula mkoko wa makiyi ndi chikhadabo. Anazunguza msomali uja mpaka unatuluka. Anauika m'chikwama chake. Makiyi ndi mendulo anawapereka ndi manja awiri.

"Nanga pemphero lija ndisiyenso?" a Rabson anafunsa.

"Pempherani, adadi. Koma manja akhale pachiwongolero."

Foni inalira. Anali Kondwani.

"Watenga?"

"Ndatenga."

"Sanavute?"

"Ndatenga msomali, achimwene. Makiyi ndawasiyira eni ake."

"Msomali wanji? Ulemu, ukunena chiyani?"

"Ndikufotokozerani ndikafika. Inuyo tsikani pansi mukayeze matayala anu."

Anadula foni. Azimayi anali atayamba kukwera, akukangana za malo. Amayi ake anakhala kutsogolo, atanyamula mphatso pamiyendo. A Rabson anazungulira galimoto komaliza. Pa tayala lakutsogolo mwendo wawo unanyamuka wokha. Unaima m'malere. Anaubweza pansi, nasisita geji m'thumba la malaya.

"Tikusiye pa siteji, mayi wa m'tauni?"

Ulemu anayang'ana chikwama chake, nayang'ana msewu.

"Ku Nambuma sindinafikeko chaka chino," anatero. Anaponya chikwama kumbuyo, nakwera pakati pa azimayi a kwaya.