Pulagi ya Mano Awiri

Chinthucho chinakhala patebulo lodyera masiku anayi, ndipo masiku onsewo banja linkadyera pamiyendo. Chinali chimonita chamakedzana, chamsana ngati kabati, galasi lake lotukuka ngati mimba ya munthu wokhuta. Amake Kachala sankachifuna m'nyumba mwawo, koma akanatani? Ntchito ya mwana wawo inali m'kati mwa chinthu chimenecho.

Kachala, mwana wawo wamkazi, anamaliza maphunziro a zamagetsi zaka ziwiri zapitazo, ndipo chimalizireni ankangoyenda ndi makalata mpaka envulopu inatha m'makona. Sabata imeneyi ndi pamene a Chipewa, eni shopu yokonza makompyuta kuseri kwa siteji ya basi, anavomera kumuyesa. Kasitomala wawo wina, wokonda zinthu zakale, anali ndi monita yokhala ndi pobayira waya pamodzi pokha, pa kompyuta yake yakalekale. Ankafuna pena pawiri, kuti ana ake azibayapo makina a magemu ndi a kanema.

"Kapangire kwanu," anatero a Chipewa. "Loweruka teni koloko ndibwera ndi galimoto. Chikayaka bwino, Lolemba uyambe ntchito."

Mtsikanayo anaboola pulasitiki wakumbuyo, naikapo timasoketi tiwiri tachitsulo tonyezimira ndi kaswitchi kosankhira. Anawotcherera mawaya mpaka nyumba yonse, ndi makatani omwe, inanunkha mtovu. Lachisanu chithunzi chinabwera choyera bwino pobayira ponse patatu, iye n'kuvina yekha pabalaza. Kenako anaika lamulo.

"Amayi, musachikhudze. Ngakhale kuchipukuta, ayi. Ndikukudziwani."

Loweruka m'mawa, Kachala ali kubafa, amake anaona bulauzi yake yoyera ili pampando, makwinya okhaokha. Mwana akakumane ndi abwana atavala ngati wagona m'thumba? Soketi yabwino m'nyumbamo inali imodzi, ndipo munali pulagi ya chimonita, yakale ija ya mano awiri. Anaizula, nabaya simbi, n'kusita msangamsanga, kenako anaibwezera. Kuzula pulagi si kukhudza, anadziuza okha.

Potembenuka ndi pamene anaona tinyenyeswa ta pulasitiki titakanirira pa timasoketi tatsopano tija. Dzanja linapita lokha. Anali osavala nsapato, pasimenti pomwe anali atangokolopa.

Chinawamenya kuyambira kuchala mpaka m'khosi. Mano analumana okha, maso anachita mdima, ndipo anadzapezeka atatsamira khoma, bulauzi ili pansi. Sanakuwe n'komwe. Mkono unali ngati wa munthu wina.

Wotchi yapakhoma inkati naini koloko yadutsa ndi mphindi khumi.

Panali mboni imodzi. Amuna awo anali pampando wawo pafupi ndi windo, pomwe ankakhala chiwagwerereni sitiroko zaka zitatu zapitazo. Zaka makumi atatu anakonza mawailesi ndi ma TV, koma tsopano mbali yakumanja inali yakufa ndipo mawu anawathawa. Chinawatsalira ndi dzanja lamanzere ndi sipuni yomwe ankagogodera mpando akafuna munthu. Maso awo anali pa akazi awo, otong'oka.

"Musandiyang'ane choncho, bambo ake. Ndili moyo."

Anatola bulauzi, nalowa kukhichini, n'kuima pasinki osadziwa chomwe abwerera. Ndachiwononga, anaganiza. Mwana wavutika masiku anayi, ine ndi chala changa chosamva ndachiwononga. Mwina ndi mapazi onyowawa. Mwina akangokhala chete, a Chipewa abwera, achiyatsa, achinyamula, Lolemba mwana akwera basi ngati anzake. Ndani amafufuza kumbuyo kwa monita?

Ana, basi. Ana ndiwo amakafika kumbuyoko, ndi tizala tawo tonyowa ndi madzi a malalanje, akulimbirana waya. Amake Kachala analera anayi, ankadziwa komwe zala za ana zimapita.

Kachala anatuluka kuchipinda akuimba, thaulo lili kumutu. "Eee, mwandisitira? Amayi ndinu dilu."

"Chinthu chako chandigwira."

"Chakugwirani bwanji?"

"Magetsi. Mkono wonsewu."

Nyimbo inathera pakhosi. "Mwachikhudza?"

"Ndinangochotsa fumbi."

"Amayi! Ndinanena chiyani ine? Chinthu chimodzi chokha ndinakupemphani!"

"Undikalipire mawa, ndidzakhala ndi nthawi. Pano kachione."

Kachala anazula pulagi, nasegula chivundikiro chakumbuyo, n'kuunika ndi tochi ya foni waya ndi waya. Palibe chomwe chinasuntha. Anatseka, nabayanso pulagi, natenga tesita, kasikuludiraiva kaja kokhala ndi kababu m'chigwiriro kamene kamayaka kakakhudza magetsi. Anagunditsa pa kasoketi koyamba. Zii. Pa kachiwiri. Zii. Kenako, akuwayang'ana amake m'maso, anaikapo chala chake chenicheni n'kuchisiya pomwepo.

"Mwaona? Dzulo ndinayeza, lero ndayeza. Ndi nyamakazi yanu ija."

"Nyamakazi yanga ndimaidziwa, tinakulira limodzi. Siiponyera munthu kukhoma."

"Ndiye ndi simbi yanuyo. Amayi chonde, kwatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu, musandisokoneze mutu."

Amake anatsala pang'ono kuvomera. Ankafunitsitsa kuti ikhale nyamakazi. Koma sipuni inayamba kulira pampando, osati kugogoda kwa tiyi kuja, koma kwa munthu amene nyumba ikumupsera. Bamboyo analoza kukhoma ndi sipuniyo, naiponya pansi, n'kutambasula dzanja. Analigadamiza, nalivundikira. Analigadamizanso, nalivundikira.

"Akufuna muwatembenuze, msana wawatopa," anatero Kachala, akumanga mabatani a bulauzi.

"Atembenuzidwa kale m'mawa."

Amake anayang'anitsitsa dzanjalo, ndipo shopu yakale ija inawabwerera, pomwe ankakhala pakauntala ali ndi mwana kumsana. TV iliyonse yakale, isanatuluke pakhomo, bamboyu ankaiyeza kawiri: kamodzi, kenako n'kuzula pulagi, kuitembenuza, kuyezanso. Makasitomala ankadandaula, iwonso ankadandaula. Mumachita ngati mukuwotcha chimanga, ankawauza choncho. Sanafunsepo chifukwa chake ngakhale tsiku limodzi.

Anawerama, nazula pulagi, naitembenuza kuti dzino lakumanja lipite kumanzere, n'kuibaya.

"Yezanso. Ndi kababu kako, osati chala."

"Amayi..."

"Iwe, yeza!"

Kachala anagunditsa tesita mwamphwayi. Kababu kanayaka psuu, kofiira ngati diso la tambala.

Mtsikanayo anayeza kasoketi kachiwiri, nako kanayaka. Anayang'ana chala chake chija, kenako anakhala pansi pasimenti ndi bulauzi yake yoyera.

"Chitsulo cha m'kati," anatero ndi mawu ang'onoang'ono. "Zakalezi zina chitsulo chake chonse chimalumikizana ndi dzino limodzi la pulagi. Ukabaya chonchi palibe kanthu, ukatembenuza chonse chili moyo. Pobayira pakale paja eni ake anapatchinga. Ine tanga tatsopanoti ndamangirira kuchitsulo komweko." Anapukuta mphuno ndi dzanja. "Kusukulu zonse zinali za mano atatu, amayi. Sizitembenuzika."

"Chabwino. Chikufunika n'chiyani?"

"Thiransifoma yolekanitsa magetsi akukhoma ndi chitsulocho. Ndilibe. Ngakhale nditaipeza, ndi ntchito ya tsiku lonse."

Wotchi inkati kwatsala mphindi khumi. Kachala anadzuka mwadzidzidzi, natsegula kabati, n'kutulutsa kabotolo ka penti wa zikhadabo.

"Ndiika kadontho kofiira papulagi. Ndiwauza kuti kadontho kaziyang'ana kumwamba nthawi zonse. Lolemba ndikayamba ntchito, ndidzapeza njira yokakonza bwinobwino mwakachetechete."

"Ana amawerenga kadontho?"

"Ndi masiku ochepa chabe!"

"Ine zinanditengera mphindi zingati? Ndipo ndine wamkulu, unandiuza ndi pakamwa pako."

"Zaka ziwiri, amayi! Zaka ziwiri ndikupempha ya sopo kwa inu. Mukufuna ndikalambire pano?"

Funso limenelo linawalasa, chifukwa yankho lake ankaliopa kuposa mwanayo. Anayang'ana amuna awo. Bamboyo anali atatsinzina, dzanja lili pachifuwa, ngati wamaliza ntchito yake ndipo zotsalazo n'za amoyo.

"Sindikufuna ukalambire pano. Ndatopa nawe, ukudziwa. Koma chinthuchi sichituluka ndi kadontho. Uwauza iwe kapena ndiwauza ine, ndipo ine ndikauza munthu sindikongoletsa."

Hutala ya galimoto inalira panja. Sanadikire ndi teni yomwe.

A Chipewa analowa akupukuta nsapato pachiguduli, munthu wamfupi wonenepa, chipewa chili pamutu ngati anabadwa nacho. Analonjera bamboyo ndi ulemu wa amisiri okhaokha, kenako anasisita manja.

"Tiyeni tione zodabwitsa."

Kachala anayatsa. Anasuntha kaswitchi katatu, chithunzi chinabwera katatu, chosagwedera. A Chipewa anagwedeza mutu mokhutira, natambasula dzanja kuti apapase timasoketi kumbuyo. Amake anatsegula pakamwa, koma mwanayo anawatsogolera.

"Musakhudze, bwana!" Anawagwira mkono. Kabotolo kaja kanali kadakali m'dzanja lake lina. "Sichinathe. Timasoketi timeneto tili ndi magetsi. Ndalakwitsa ine."

Anawapatsa tesita. A Chipewa anayeza, kababu kanayaka. Anazula pulagi, naitembenuza, nayezanso, kanazima. Anaimba kaluzu kautali, n'kukankhira chipewa kunkhongo.

"Kasitomala ndamuuza masana ano. Ali ndi ana atatu, mwana iwe." Anaika tesita patebulo. "Wazidziwa liti?"

"Pompano. Chinawagwira amayi."

"Pepani mayi. Mkono uli bwanji?"

"Ulipo. Nanga za Lolemba?"

"Amayi!" anatero Kachala.

"Ndikufunsa. Munthu ndidziwe ngati ndigone kapena ayi."

A Chipewa anakanda chibwano, akuyang'ana chimonitacho.

"Ndinati chikayaka bwino. Ichi sichinayake bwino, tisanamizane. Koma chinthu chotere sichigonanso m'nyumba ya anthu. Ndichitenga ndikachitsekere. Lolemba ubwere udzachimalizire pabenchi yanga, ine ndikuona, thiransifoma ndili nayo. Za ntchito tidzakamba kababu kakakana kuyaka mbali zonse ziwiri. Gwira uko."

Anachinyamula awiri, akubuula, chingwe chikukwekwereka pansi. Amake anawaimitsa pakhomo. Anatenga tepi yakuda patebulo, nagwira pulagi ija, n'kuyamba kukulunga mano ake onse awiri, kuzunguliza ndi kuzunguliza mpaka inasanduka chibumi.

"Mayi, musavutike," anatero a Chipewa, mawu akutuluka movutikira chifukwa cha kulemera. "Kumene chikupitaku kuli amisiri okhaokha."

"Nayenso uyu ndi mmisiri," anatero amake Kachala, naduladula tepiyo ndi mano. "Samalani sitepe yachiwiriyo, ndi yosweka."