Zitsa Zopanda Siketi

Alimi ena amadula mtengo wa Khirisimasi pansi penipeni, kenako n'kudzala wina. Anthu oterowo a Elwin Thayer ankawatcha zigawenga. M'munda mwa a Elwin, paphiri lina kumadzulo kwa Massachusetts, mtengo unkadulidwa cha m'chiuno, n'kusiya nthambi zam'munsi zili zobiriwira kuzungulira chitsa. Nthambizo iwo ankazitcha siketi. Chitsa cha siketi sichifa, chimatulutsa mphukira, mphukirayo n'kukula kukhala mtengo wina wogulitsa. Zitsa za kumtunda zinali zitabereka kangapo, ndipo zina zinali zakale kuposa mwana wawo Noreen, amene tsopano mutu unali mbuu ndi imvi.

"Msondodzi wa kumtsinje uja udule mmene ungafunire, uphuka basi," ankatero mkuluyo. "Koma awa ndi amayi aulemu wawo. Ukawavula siketi, amafa ndi manyazi."

Noreen analimva lamuloli asanadziwe n'komwe kumanga zingwe za nsapato. Ndiye tisamunamizire kuti sankadziwa.

Zinachitika kumapeto kwa Novembala, a Elwin ali m'chipatala atathyoka fupa la m'chiuno. Kunabwera munthu wa mumzinda wogula nthambi zolukira nkhata zokongoletsera zitseko pa Khirisimasi. Lole yake inaima pamsewu injini ikulira, chipale chofewa chitayamba kugwa, koma katundu anali asanakwane. Noreen anali atatopa, zala zitauma gwa. Anayang'ana zitsa za kumtunda zimene anali atangodulako mitengo sabata yomweyo, masiketi ali yangayanga, pafupi, posafuna ngakhale kutambasula mkono. Anati atengako nthambi ziwiri zokha pachitsa chilichonse. Ziwirizo zinakhala zinayi, ndipo sowo ikalawa simva kuitana.

"Noreen, mdala wako adzatidya osaphika," anatero mwamuna wake Royce, mtolo uli paphewa.

"Nyamula, usalalikire."

Lole inadzaza n'kupita. Kumtunda konse kunatsala zitsa zambulanda, ndipo chipale chinaziphimba usiku womwewo ngati kuti chikugwirizana naye.

A Elwin anabwerera kunyumba mwendo utachira koma mutu utayamba kudontha. Magalasi ankapezeka m'firiji. Galu ankamuitana ndi dzina la galu amene anafa kalekale. Koma chipale chitasungunuka, matope atauma, panali funso limodzi limene silinkawachoka.

"Kumtunda kwaphuka?"

"Kukuphuka, Adadi. Imwani khofi asanazizire."

Bodza limeneli Noreen ankaliphika m'mawa uliwonse pamodzi ndi phala. Ankakwera yekha kukaona, n'kugwada, n'kukanda khungwa ndi chikhadabo kufunafuna kobiriwira. Kunalibe. Ankadziona wakuba, wakuba woipitsitsa, wobera munthu amene wagona m'chipatala.

"Ungowauza," anatero Royce tsiku lina akukonza thirakitala. "Ukawauza m'mawa, pofika masana akhala ataiwala, mlandu watha. Ine ndikanakhala ndi mkazi woiwala chonchi, bwenzi ndili wonenepa."

"Si nkhani yoseka iyi."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikuti uwauze."

Sanawauze. Chimene chinkamuchititsa manyazi kwambiri n'chakuti mumtima ankadalira matendawo. Ankayembekeza kuti tsiku lina bambo ake adzadzuka ataiwala kuti kuli kumtunda.

Sanaiwale. M'mwezi wa Juni, Noreen anawapeza ali pakati pa njira yokwera phiri, ndodo m'manja, atavala nsapato za m'nyumba, mpweya uli wefuwefu.

"Adadi, mukupita kuti?"

"Kukaona amayi aja. Inu anthu mwandisandutsa mpando. Ukandiletsa ndikwawa."

Panalibenso pothawira. Royce anamangirira ngolo kuthirakitala, anaika mpando ndi bulangete, n'kuwakweza. M'njira mkuluyo anali wosangalala ngati mwana wopita kuchionetsero. Ankalozera zitsa za kumunsi, zonse zili ndi nsonga zanthete zobiriwira.

"Uyu ndi waulesi, mphukira imodzi ngati akugula. Royce, yendetsa bwino, sunanyamule mbatata! Uyo, taona uyo, watulutsa atatu. Uchotsepo awiri, Noreen, asamalimbirane bere."

"Ndichotsa, Adadi."

Atakhota pamwala waukulu, mawu anawathera. Royce anazimitsa injini. Zitsa zinali ndandanda mpaka kumpanda wa miyala, zotuwa, khungwa likusupuka, utomoni utauma m'zipsera. Udzu wokha ndi umene unali moyo.

A Elwin anatsika okha, kukana dzanja la aliyense. Anafika pachitsa choyamba, chachikulu chopindika, n'kuyendetsa chala pamene panali nthambi.

"Wadula apa ndani?"

Noreen anatsegula pakamwa. Mawu analipo, anali atawakonza miyezi yonseyi. Bambo ake sanali kumuyang'ana. Anali atawerama, kusisita chipsera china, kenako china.

"Taona kupendekeka kwake," anatero motsitsa. "Kuyamba pansi pang'ono kuti khungwa lisang'ambike, kenako pamwamba. M'dera lino palibe wina amadula chonchi. Ili ndi dzanja langa."

Linalidi dzanja lawo. Ndi iwo amene anamugwira Noreen mkono ali kamtsikana, kumuphunzitsa kadulidwe kameneka.

A Elwin anatembenuka, maso ali ngati a mwana amene wadzuka n'kupeza mphasa itanyowa.

"Noreen, ndine? Ndinabwera kuno ine? Sindikukumbuka. Mwanawe, ndiuze, ndine ndinachita izi?"

Royce anamuyang'ana mkazi wake. Noreen anayang'ana udzu.

"Tiyeni kunyumba, Adadi," anatero. "Kukuzizira."

Dzuwa linali likuswa mtengo. A Elwin anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene walandira yankho, n'kulola kuti awakweze m'ngolo. Njira yonse yotsika sanalozenso chitsa chilichonse. Ankangoyang'ana manja awo.

M'mawa mwake Noreen sanaphike phala. Anakoka mpando, kukhala moyang'anizana nawo, n'kunena zonse: lole, chipale, masiketi, ndi mabodza a m'mawa uliwonse.

"Si inu, Adadi. Inu munali m'chipatala. Ndine."

Nkhope ya mkuluyo inafiira. Anamenya tebulo mpaka supuni inagwa.

"Iwe? Chitsiru cha munthu! Chifukwa cha nkhata? Nkhata zokatayidwa Januwale? Choka, ndisakuone!"

Noreen anatuluka akulira, koma mtima unapepuka koyamba chichokereni Novembala. Mkwiyo umenewo unali wake, unamuyenera, ndipo anaulandira ndi manja awiri. Anatsikira kumunsi n'kugwira ntchito mpaka masana, kuchotsa mphukira zochuluka monga anamuuzira.

Atabwerera, anawapeza pakhonde, chipewa chili pamaondo. Mkwiyo uja unali utafufutika, osasiya ngakhale phazi. Matenda amene Noreen ankawadalira anagwiradi ntchito, koma anasankha okha chochotsa ndi chosiya.

"Noreen, takhala pansi," anatero ndi ulemu umene sanaugwiritsepo ntchito kwa iye. "Pali zoti ndikuuze. Ndalakwa kwambiri. Zitsa za kumtunda zija ndinazipha ndine."

"Ayi, Adadi, ndakuuzani m'mawa uja. Ndine ndinadula."

Anamugwira dzanja n'kulisisita.

"Ndiwe mwana wabwino, ukufuna kundisenzera. Koma ndaona ndekha, ndipo nditakufunsa unalephera kundiyankha. Iwe sukanachita zimenezo, ndinakuphunzitsa bwino. Ubise masowo onse, wamva? Ndisakaphenso ena."