Chipsera cha pa Tsaya la Mkwatibwi

Mzime anali m'chaka chomaliza pasukulu ya zojambulajambula pamene achemwali ake anapeza mwamuna. Kunyumba ankangodziwa kuti amaphunzira za makompyuta, ndipo iye anatopa n'kuwafotokozera. Zimene ankaphunzira zinali zambiri, koma zimene ankakonda zinkaposa pamenepo. Ankatha kuima pakhomo pa sitolo n'kumayang'ana kalembedwe ka chikwangwani mpaka mlonda kumufunsa ngati wasochera. Makatoni a sopo ankawamatula kuti aone mmene anawapindira. Pansi pa bedi lake panali mabotolo opanda kanthu, zikuto za mabuku, tizidutswa ta nsalu, ndi kampando ka ana kothyoka mwendo kamene anakatola chifukwa chokonda mmene msana wake unapindikira. Amayi ankati chipinda chake ndi dzala lokhala ndi chitseko.

Ndiye nkhani ya ukwati itamveka, palibe amene anafunsa kuti makhadi apanga ndani. Mzime anakondwa kuposa mkwatibwi. Ukwati unali ndi zonse zimene manja ake ankazilakalaka: khadi, nsalu ya operekeza mkwatibwi, timabokosi ta keke, zikwangwani zolozera alendo pokhala. Anasankha mitundu iwiri yokha, wobiriwira modera ndi woyera ngati mkaka. Zilembo za pakhadi anayamba wazilemba ndi dzanja, n'kuzikonza pakompyuta mpaka chilichonse chitakhala pamalo pake. Achemwali ake ataiona khadiyo anagwira pakamwa, misozi ikulengeza m'maso.

Kenako kunabwera alamu.

Alamu anali ogulitsa matayala a galimoto, ndipo ankafuna kuti aliyense adziwe kuti matayalawo akuyenda malonda. Mafuta onunkhira ankalowa m'nyumba eni ake adakali pageti. Asanapereke moni ankayamba ayala mafoni awo patebulo, kenako makiyi a galimoto, ngati munthu amene akutsegula shopu. Mzime anawapatsa dzina lamumtima tsiku loyamba lomwe, Bwana Golide, chifukwa cha mphete, wotchi ndi tcheni chimene chinkamira m'mapindi a khosi.

Anakhala pabalaza, laputopu ili pakatebulo, amayi ndi achemwali ali pambali. Alamu anayang'ana khadi ija atapendeketsa mutu.

"Mlamu, ndiye yatha apa?"

"Yatha, alamu."

"Nanga malo onse oyerawa? Inki inakutherani?"

"Malo amenewo ndi oti maso apumepo."

"Maso apume? Anthu akubwera ku ukwati kapena kuchipatala?"

Anaseka okha, n'kudzimenya pantchafu. Amayi anathandizako kuseka mwaulemu. Mzime anangoyang'ana chala chonenepa chimene chinkagogoda pagalasi la laputopu, n'kumaganiza kuti munthu ameneyu akanapatsidwa thambo akanalimata zomata kuti lisaoneke lopanda kanthu.

Kuyambira tsiku limenelo ntchito inasanduka ina. Alamu anafuna golide m'mphepete mwa khadi. Atamuona golideyo anafuna nkhunda ziwiri. Nkhunda zitalowa anati zikuoneka zosungulumwa, pakhale mphete, maluwa, ndi mkango pamwamba, poti mkango ndi chizindikiro cha mwamuna. Dzina lawo anati likule, ndipo pansi pake palembedwe kuti Dayilekitala. Patimabokosi ta keke, timene Mzime anatipanga kuti tizitseguka ngati duwa, analamula kuti pakhale dzina la shopu ya matayala.

"Mlendo akamadya keke azikumbukira kumene angapeze tayala," anatero, akuoneka kuti adabwa nazo okha nzeru zawo.

Mzime ankachita zonse osatsutsa. Ankayankha kuti chabwino alamu, zatheka alamu, kwinaku mlomo wam'mwamba utakwera pang'ono. Kusukulu ankaonetsa anzake khadi ija panthawi yopuma, onse n'kumagwa nako kuseka, wina mpaka anati mkangowo ukuoneka ngati wameza nkhunda yachitatu. Ankabwera kunyumba mtima utapepuka. Ankadziuza kuti khadi ndi pepala chabe, achemwali ake ndi amene ali ofunika.

Chomaliza chinali chinsalu chachikulu chopachika kumbuyo kwa akwati, chokhala ndi chithunzi chawo. Alamu anabweretsa chithunzicho masana ena, n'kukokera mpando pafupi.

"Mimbayi muibweze pang'ono, mlamu. Kamera imanama."

Mzime anaibweza.

"Tsitsi apa mudzaze. Komanso ndikwereko, ndisafanane msinkhu ndi mkazi."

Anawadzaza tsitsi, n'kuwatalikitsa. Zinali zosavuta, ndipo zinkamusangalatsa mwanjira yake kuona munthu akudzigula ziwalo chimodzichimodzi ngati ali pamsika. Kenako chala chija chinasuntha, n'kukaima pa tsaya la achemwali ake.

"Ichi muchotse."

Pa tsayapo panali chipsera, kamzere kochokera pansi pa diso kutsikira kukhutu. Achemwali anachipeza ali mtsikana, tsiku limene anagwera pa lata atabereka Mzime kumsana. Pogwa anapotoloza thupi kuti mwana asakhudze pansi, lata n'kuwacheka iwo. Mzime sankaidziwa nkhope ya achemwali ake popanda kamzere kameneko. Akaseka kankapindika, akakwiya kankayera.

"Ndiponso mumuwalitseko," alamu anapitiriza. "Wada kwambiri apa. Kubwera anthu akuluakulu."

Mzime anachotsa dzanja pakompyuta.

"Zimenezo ayi, alamu."

"Bwanji? Simunaphunzire?"

"Ndinaphunzira. Sindichita."

Amayi anayamba kukonza nsalu ya pampando imene inali yokonzeka kale. Mzime anatembenukira kwa achemwali ake, akudikira kuti alankhule, poti pakamwa pawo sipankakhala chete munthu akawaponda. Koma achemwali anali kuyang'ana zikhadabo zawo.

"Chotsa, Mzime," anatero motsitsa mawu. "Si nkhani."

"Achemwali, nkhope yanu imeneyi."

"Ndati chotsa."

Mzime anatseka laputopu. Alamu anatola mafoni awo imodziimodzi, kenako makiyi, akumwetulira ngati munthu amene mwana wamuponda nsapato.

"Musadandaule, amayi. Kutauni kuli shopu imapanga zimenezi munthu ataima pomwepo. Ana asukuluwa amavuta, mabuku amawadzaza mphepo m'mutu."

Tsiku la ukwati Mzime analowa muholo m'mawa atanyamula katoni ya timabokosi ta keke, n'kuchipeza chinsalucho atachipachika kale. Anaima pakati pa mipando. Bwana Golide anali pachinsalupo, wamtali, wopyapyala, tsitsi lili bii ngati la mnyamata. Pambali pake panali mkazi woyera ngati kandulo, wa mphuno yosongoka, masaya osalala ngati mbale. Ashopu aja sanalekere pachipsera. Anasula munthu yense. Kumbuyo kwa awiriwo anaikako mathithi ndi nyumba ya nsanjika imene palibe aliyense wa iwo anaiponda.

Azakhali a Mzime, amene anafika dzulo lake kuchokera kutali, anaima pambali pake n'kuvala magalasi.

"Iwe, mzimayi ameneyu ndi ndani? Kodi muholo muno muchitikanso ukwati wina?"

"Ndi achemwali, azakhali."

Azakhali anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuvalanso. Anangopita kukakhala.

Mwambo unayenda. Mzime anakhala patebulo la abale, akuona operekeza mkwatibwi atavala nsalu yake yobiriwira, chinthu chokhacho chimene alamu sanachikhudze, ikulimbana ndi maliboni agolide amene anamangidwa pampando uliwonse. Achemwali ake anakhala pansi pa mkazi wa kandulo uja, tsaya atalipaka zodzoladzola zochindikala. Kutentha kutakula, thukuta linayamba kuzisungunula.

Nthawi ya zolankhula, alamu anagwira maikolofoni ngati sadzaisiyanso. Anathokoza makasitomala, anathokoza Mulungu, kenako analoza tebulo la abale.

"Zokongola zonse mukuziona muno, makhadi, chithunzi ichi, ndi manja a mlamu wanga uyo. Imirirani, mlamu, akuoneni!"

Anthu anaomba m'manja. Mzime anaimirira theka, n'kukhalanso. Posakhalitsa bambo wina wa suti yothina anabwera kudzawerama pambali pake, akununkha mowa, kumufunsa ngati angamupangire chithunzi chotere cha ofesi yake, koma amuchotseko chibwano chimodzi. Mzime anamuuza kuti afunse mkwati.

Atadula keke, mkwatibwi anapita kukachipinda ka kuseri kukasintha diresi, ndipo Mzime anamutsatira kuti akathandize zipi. Munali awiri okha. Anamasula zipi, n'kutenga kansalu kuti apukute tsaya limene zodzoladzola zinali zitayenderera. Achemwali anamugwira dzanja.

"Siya."

"Zasungunuka, achemwali."

"Ndati siya. Ukuganiza kuti sindinakuone? Tsiku lonse mlomo uli m'mwamba. Khadi yanga unkaionetsa anzako kusukulu, mukuseka. Mng'ono wa mnzako wina anandiuza."

Mzime anaika kansalu kaja pansi.

"Mwamunayo ndikumudziwa kuposa iwe. Mimba yake ndikuidziwa, mkango wake ndikuudziwa. Ndamusankha ndine, maso ali otsegula. Iweyo ukafuna kunyoza uzikanyozera kuchipinda kwako, osati paukwati wanga."

Anavala diresi lina okha, n'kudzipakanso tsaya pagalasi mosafulumira, n'kutuluka. Kuholo anthu anakuwa powalandira.

Mzime anatsala atagwira diresi loyera lija, lolemera, lofunda. Analipinda bwinobwino n'kuliika m'chikwama chake. Sanabwererenso patebulo. Anathandiza operekera zakudya kusonkhanitsa mbale mpaka alendo atatha.

Panapita miyezi Mzime ndi achemwali ake asanalankhulane kupitirira moni. Alamu sanadziwe kuti pali chimene chavuta. Chinsalu chija anakachipachika mushopu ya matayala, pamwamba pa kauntala, ndipo aliyense wofunsa ankamuuza monyadira kuti anachipanga ndi mlamu wawo wa kukoleji.