Kusala kwa Che Isaki

Che Isaki anali telala pakhonde la sitolo ina ku Songani, ndipo kwa zaka zambiri aliyense wofuna mkanjo wa Idi kapena yunifolomu ya mwana ankadziwa kuti makina awo sapuma. Koma inafika nthawi yoti makinawo anayamba kupuma. Munthu ankabwera ndi nsalu yake n'kupeza telala ali khuma, phazi lili pachopondera, tepi ili m'khosi, akuwodzera dzuwa lili paliwombo. Anyamata a kabaza oima pafupi ankati masiku ano Che Isaki amasokera kumaloto.

Zikanathera pakhonde pomwepo sibwenzi pali nkhani. Koma vuto lenileni linali kunyumba. Che Isaki anali mkamwini, anamanga kumudzi kwa akazi awo a Rahema, kutsidya kwa mtsinje wa Domasi kumene anthu amalima mpunga, ndipo kumenekonso zinthu zinali zitaima. Tisazungulire: chilakolako chinali chitawathera bambowa. Akalowa kuchipinda ankangotembenukira kukhoma. A Rahema ankasamba, kudzola, n'kuika mikanda yoyera pamtsamiro monga anawalangizira anamkungwi kalekale, koma kunja kunkacha mikandayo ili pomwepo. Kenako anasiya kuiika. Che Isaki anaona kuti mikanda yasowa, zinawawawa mpaka mumtima.

Ankawakonda a Rahema, zimenezo ngakhale nkhuku za pakhomo zinkadziwa. Ndipo ankaopa. Mkamwini akachotsedwa pamudzi katundu wake sachuluka, makina ndi bulangete zimakwana panjinga imodzi. Koma kuti munthu wa ndevu zaimvi atsegule pakamwa pamaso pa mkazi wake n'kunena kuti wagwa mu mpapaya, aaa, Che Isaki anaona kuti bola kudwala mwakachetechete.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anayamba ulendo wosaka chithandizo mobisa. Kuchipatala chaching'ono chapafupi anapeza dokotala wamng'ono ngati mwana wawo Zubair, ndipo nesi woima pambali pake anali mtsikana amene iwo omwe ankamusokera yunifolomu ali ku pulaimale.

"Vuto n'chiyani, bambo?" anafunsa dokotalayo.

Che Isaki anayang'ana nesi, nesi n'kuwamwetulira.

"M'thupi monsemu mukuphwanya," anatero.

Anawabaya pachala kuyeza malungo, malungo osapezeka, n'kuwapatsa panado. Kukiliniki ina yolipira ya m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde analimba mtima n'kunenako pang'ono, maso ali pansi. Mkulu wa kumeneko anaseka mpaka kugwira tebulo. "Bambo, msinkhu wanu uwu mukufunanso chiyani? Ukalamba ulibe jekeseni. Pitani mukasewere ndi zidzukulu." Pomaliza anagula gondolosi kwa mnyamata wa pamsika, n'kumatafuna mizuyo kuseri kwa sitolo sabata ndi sabata. Zimene zinalimba ndi nsagwada zokha.

Anawapulumutsa ndi a Jacob, mphunzitsi wopuma pantchito, mkulu wa mpingo, amene ankasewera nawo bawo madzulo. Tsiku lina Che Isaki atawodzera pakati pa masewero, a Jacob anayamba kulankhula ngati akulankhula ndi bawolo. Anati m'magazi mwa mwamuna muli chinthu china chotchedwa tesitositeroni, ndipo chikachepa munthu amafooka, amangokhala wokhumudwa, za m'nyumbanso zimazilala. Anati madokotala ambiri sachilabadira, koma m'tauni ya Zomba muli wina, a Makaiko, amene amayeza magazi kaye asanamuseke munthu.

"Inu mwazidziwa bwanji zimenezi, aphunzitsi?" anafunsa Che Isaki.

"Mlamu wanga anapitako," anayankha a Jacob, osadzutsa mutu.

Che Isaki ankawadziwa alamu onse a Jacob. Ena anali kumanda, wotsalayo anali ku Joni. Koma sanafunsenso, anangofunsa njira.

Chimene a Jacob sananene n'chakuti Dokotala Makaiko anali mayi. Che Isaki atalowa n'kuona mayi wonenepa wa magalasi ali pampando, anatsala pang'ono kunena kuti m'thupi mukuphwanya. Koma mayiyo ankafunsa zinthu zochititsa manyazi mwa mawu wamba, ngati akufunsa mtengo wa tomato, ndipo Che Isaki anadzamva pakamwa pawo pakuyankha pokha. Dokotala sanaseke. Anati sangalonjeze jekeseni asanaone magazi, ndipo magaziwo ayenera kutengedwa m'mawa kwambiri munthu asanadye kanthu, kawiri, pamasiku osiyana.

Che Isaki anabwerera kwawo mtima uli m'malo, osadziwa kuti mavuto awo ali pa mawu aja akuti asanadye kanthu.

Chikwatiranireni, sanatulukepo pakhomo osadya chinangwa chophika ndi tiyi wa a Rahema. Lolemba m'mawa anavala malaya awo a ku ukwati, anapesa ndevu, ndipo mbale itafika anaikankhira pambali.

"Lero ndikusala," anatero.

A Rahema anadabwa. Amuna awowa ngakhale pa Ramadhani ankayang'ana dzuwa ngati ali nalo chifukwa, ndiye lero asale mwa kufuna kwawo? Koma anakondwera. Anaganiza kuti mwina kuzizira konse kuja kunali kupemphera kwa mumtima, ndipo pofika masana mudzi wonse unali utamva kuti Che Isaki akusala Lolemba ngati shehe. A Rahema anapha nkhuku, n'kuphika mpunga wonunkhira wa faya woti amunawo adzamasulire dzuwa likalowa.

Nthawi imeneyo n'kuti Che Isaki atatengedwa kale magazi. Potuluka m'kiliniki njala inali itawapanikiza, ndipo pa depoti fungo la tchipisi linawakoka mkono. Anaitanitsa mbale yaikulu, dzira pamwamba, fanta pambali. Anadya mosangalala, akumwetulira okha chifukwa kwa nthawi yoyamba anali ndi chiyembekezo. Sanaone kuti m'minibasi yodikira anthu pafupi pomwepo munali Bibi, mng'ono wake wa a Rahema, amene maso ake saphonya kanthu ndipo pakamwa pake sipasunga kanthu.

Madzulo Che Isaki anaidya nkhuku ija movutikira, mimba ili ndi tchipisi. Kutacha Bibi anafika n'kuwauza a Rahema zonse zimene anaona pa depoti.

A Rahema sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinawaopsa Che Isaki. Ankangophika, kusesa, kuyankha mawu amodziamodzi. Kwa iwo nkhani inali itamveka yonse: mwamuna wotembenukira kukhoma, wovala malaya a ku ukwati pakati pa sabata, wokana chakudya cha mkazi wake mpaka kunamizira Mulungu, n'kukadya m'tauni akumwetulira. Lachitatu uthenga unafika wochokera kwa Che Harun, amalume awo a Rahema amenenso anali ankhoswe a banjali, wakuti Lachisanu akatuluka kumzikiti akhale pansi akambirane.

Magazi achiwiri anali a Lachinayi.

M'mawa wa tsikulo a Rahema anaika chinangwa ndi tiyi pamphasa, n'kuima potero manja ali m'chiuno.

"Bambo a Zubair, lero mukusalanso?"

"Ayi... ndidzadya pobwera."

A Rahema anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anathira tiyi mu fulasiki, anaika chinangwa m'kontena, anamanga zonse pansalu, anavala chitenje chatsopano ndi mpango wake wa Idi.

"Tiyeni," anatero.

"Kuti?"

"Kumene mukupitako. Ndikamuone amene amaphika bwino kuposa ine. Mwina andiphunzitsako."

Kuchokera kumudzi mpaka pa siteji ya Songani, Che Isaki anayesa kuyamba nkhani kangapo, koma nthawi zonse kunkatulukira munthu wopereka moni. M'minibasi ndiye munali mosayambika. Kutsogolo kunakhala mayi wogulitsa nthochi amene amawadziwa, kumbuyo anyamata awiri a kabaza, ndipo kondakitala anafuula kuti, "Che Isaki, lero mwatenga madamu! Ku honimuni eti?" Anthu anaseka. A Rahema anakhala njo, phukusi lili pamiyendo, maso kutsogolo. Podutsa pa Naisi fulasiki inkawawotcha Che Isaki pantchafu, koma sanayerekeze kusuntha.

Atatsika m'tauni, a Rahema ankayembekezera nyumba ya makatani okongola. Anadabwa kuona akulowa pakhomo lonunkha mankhwala. Anadabwanso kwambiri chitseko chitatseguka n'kutulukira mayi wa magalasi akuti, "Che Isaki, mwabweranso! Simunadye kanthu, eti?"

A Rahema anamuyang'ana mayiyo kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ndi amenewa?"

"Awa ndi adokotala," anatero Che Isaki ndi mawu a munthu womira.

Dokotala Makaiko anayang'ana phukusi, anayang'ana nkhope ziwirizo, ndipo zikuoneka kuti zoterezi sikanali koyamba kuziona. "Mayi, lowani. Che Isaki, mukulola kuti tikambe akazi anu ali pomwepa?"

Che Isaki anayang'ana chitseko. Kenako anayang'ana mpango wa Idi uja, umene mkazi wawo anavala kuti asakanyozeke pamaso pa mkazi mnzake, ndipo manyazi amene anawagwira anaposa manyazi onse amene ankathawa aja.

"Akhale," anatero. "Ndinene ndekha."

Ananena. Sananene bwino, ankadodoma, ankayang'ana kalendala ya pakhoma, koma ananena zonse: kufooka, kuwodzera, panado, gondolosi, khoma, mikanda. Atafika pa tchipisi mawu anawathera.

Dokotala anafotokoza kuti magazi oyamba aonetsa kuti chinthu chija n'chochepadi, ndipo a lerowa ndi otsimikizira. Anati ayezanso shuga ndi zina, chifukwa nthawi zina gwero limakhala kwina, ndipo zikatero jekeseni si yankho. Kenako anafunsa kuti vutoli linayamba liti.

"Posachedwapa," anatero Che Isaki.

"Bodza," anatero a Rahema. Anali mawu awo oyamba chilowereni m'chipindamo. "Linayamba chaka chimene madzi anakokolola mpunga wathu. Ndevu izi kale ankameta pafupipafupi, pano lezala imachita dzimbiri. Tsiku lina anamva nyimbo ya maliro pa wailesi n'kuyamba kulira, maliro a munthu wosamudziwa."

"Kunali utsi," anatero Che Isaki.

"Utsi wa wailesi?"

Dokotala analemba, akubisa kumwetulira. "Funso lina. Mankhwala amenewa amatha kuletsa mwamuna kubereka. Mukufunanso ana?"

"Ana?" A Rahema anaomba m'manja kamodzi. "Adokotala, ine zidzukulu zandithera ndiwo m'nyumba. Ine ndikufuna amuna angawa basi."

Atanena anazindikira zimene anena, n'kukoka mpango kubisa pakamwa. Nesi anabwera ndi singano yotengera magazi. Che Isaki, amene ankagwira singano tsiku lililonse la moyo wawo, anatseka maso zolimba.

Anauzidwa kuti abwerenso sabata yamawa kudzamva zotsatira, onse awiri. Panja panali benchi pansi pa mtengo wa mango. A Rahema anakhala, anamasula phukusi lija, n'kuthira tiyi m'chivindikiro cha fulasiki. Tiyi anali wofundabe, koma chinangwa chinali chitazizira mpaka kulimba.

A Rahema anawapatsa Che Isaki tiyiyo.

"Nthawi yonseyi ine ndimayesa ndine," anatero a Rahema, akuyang'ana chinangwacho. "Ndimayesa ndakalamba, ndayamba kukunyansani. Ndinagula mafuta odzola a mtundu uliwonse kwa Adija wogulitsa zodzoladzola uja. Mikanda ija sindinaisunge ayi, ndinakaitaya kumtsinje, ndikulira ngati mwana."

Che Isaki anaika tiyi uja pabenchi. Iwo ankayesa kuti pokhala chete akusenza okha katundu wawo, osadziwa kuti anamusenzetsa munthu wina.

"Ndimaopa kuti mundithamangitsa, mayi a Zubair."

"Ndikanakuthamangitsani chifukwa cha tchipisi. Matenda sathamangitsira munthu."

"Nanga mawa kwa amalume tikanena chiyani?"

"Mukanena nokha kuti munanama kuti mukusala, mudzi wonse ndinauuza ine. Chimenecho mukachiyankha, ndipo sindikuthandizani. Zinazi ndi za m'nyumba mwanga, sizikuwakhudza amalume." Anawakankhira kontena. "Idyani. Kapena tikagule cha pa depoti?"

Che Isaki anatenga chinangwa chozizira chija n'kuyamba kudya. Chinali cholimba, chinkakakamira pakhosi, koma anadya chonse mpaka kutola tizidutswa ta pansi pa kontena. A Rahema ankangowayang'ana.

"Kumsika wa m'tauni muno amagulitsa mikanda?" anafunsa Che Isaki, maso ali mu tiyi.

"Taonani munthu! Jekeseni sanabayidwe n'komwe."

"Ndangofunsa."

"Amagulitsa," anatero a Rahema. "Koma yoyera yokha njodula."

Kenako anatambasula dzanja kuchotsa kachidutswa ka chinangwa kamene kanakodwa m'ndevu za amuna awo, pamsewu, anthu akudutsa. Kachidutswako kanagwa msanga, koma dzanjalo silinafulumire kuchokapo.